Alimi a kudimba ndithandizeni, malangizo enieni mumawapeza kuti?

Moni nonse. Ine ndili kuno ku Mchinji, cha ku Kamwendo, ndili ndi kadimba mphepete mwa dambo, ndimalima tomato, mpiru, repu ndi anyezi pang'ono, kuthirira ndi makeni basi. Chaka chino tomato wanga wa mtundu wa Tengeru wagwidwa ndi kambozi kaja amati Tuta absoluta, kamalowa mkati mwa tsamba nkumadya, kenako kuboola chipatso chomwe, ndapopera kawiri koma ngati ndikungothira madzi.

Ndiye ndinati ndisake pa foni. Aaa zomwe ndikupeza pa YouTube zambiri ndi za Chingerezi, anthu a ma greenhouse ndi mapaipi a dripu, mankhwala amene akutchulawo mmashopu a kuno mulibe, ndipo bandulo imatha vidiyo isanafike pakati. Gulupu ina ya pa WhatsApp yomwe mlamu wanga anandilowetsa, ndimayesa ndi ya ulimi, koma tsiku lonse ndi kutsatsa malonda ndi ndale, ndinatulukamo.

Funso langa ndi ili, alipo amene ali mu gulupu ya alimi a ndiwo zamasamba, ya Chichewa, momwe munthu ungatumize chithunzi cha tsamba lodwala nkukuyankha anthu oti analimadi? Bola mutakhalanso mlangizi mmodzi. Ndikufunanso kufunsa za manyowa a Mbeya, aja osakaniza ndowe, gaga, phulusa ndi feteleza pang'ono, ena akuti masabata atatu akwana kuti apse, kodi pa bedi la mpiru amathira ochuluka bwanji?

A ku Kapiri, Mkanda ngakhale a ku Kasungu ndiyankheni chonde, nyengo yathu ndi imodzi.