Za opaleshoni ya glaucoma ya bambo anga: tasankha

Mwezi watha ndinafunsa ngati bambo anga, amene ali ndi glaucoma (matenda owononga mtsempha wa diso, nthawi zambiri chifukwa cha kukwera kwa presha ya m'diso), angapewe opaleshoni yakale ija, trabeculectomy, n'kuchitidwa yaing'ono yotchedwa MIGS. Tapitanso kwa dokotala, ndipo tsopano ndamvetsa.

Pa MIGS nthawi zambiri amaika kachipangizo kakang'onong'ono, monga iStent, m'njira imene madzi a m'diso amatulukira kale. Diso limapola msanga, zovuta n'zochepa, ndipo kawirikawiri amachitira limodzi ndi opaleshoni ya ng'ala. Koma presha ya m'diso imatsika pang'ono chabe.

Apa ndi pamene mtima wanga unasweka. Mtsempha wa diso lawo lakumanzere unawonongeka kwambiri, ndipo presha ikupitirirabe 21 mmHg ngakhale amadontheza mankhwala mitundu itatu. Diso lotere likufunika trabeculectomy: amatsegula kanjira katsopano pa choyera cha diso, madzi n'kumasonkhana m'kathuza kobisika pansi pa chikope chapamwamba. Chipsera chingatseke kanjirako, n'chifukwa chake amapakapo mankhwala otchedwa mitomycin C, ndipo masabata oyambirira tidzapita kukaonetsa pafupipafupi.

Bambo anafunsa ngati adzayambenso kuona bwino. Dokotala sanabise: zimene zinatayika sizibwerera, tikungoteteza zotsalazo. Bambo avomera opaleshoniyo, ndipo ndidzawaperekeza ndine.