Bambo anga amamva bwino tikakhala awiri, koma pagulu amasokonezeka

Mwana wachisamba: Bambo anga, omwe ali ndi zaka 67, anawaika kachipangizo kothandiza kumva kotchedwa cochlear implant chaka chatha. Tikakhala awiri m'chipinda chopanda phokoso amamva pafupifupi zonse, koma adzukulu akayamba kulankhula nthawi imodzi amakwinya pamphumi, amayang'anitsitsa milomo ya wolankhula, kenako amangokhala chete. Madzulo amadandaula kuti mutu walema. Kodi chipangizochi chili ndi vuto?

Woyeza makutu: Pepani ndi nkhawa imeneyi, koma zimene mwafotokozazi zimachitikira anthu ambiri. Khutu labwinobwino lili ndi timaselo pafupifupi 3,500 totumiza mawu ku mtsempha wa kumva, pomwe chipangizochi chimagwira ntchito yomweyo ndi tinsonga ta magetsi pakati pa 12 ndi 22 tokha. Mawu amafika ku ubongo ali operewera, makamaka kukwera ndi kutsika kwa liwu, kumene m'Chichewa kumasiyanitsa mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa malonda, komanso kumatithandiza kulekanitsa liwu la munthu uyu ndi la uyo. Ubongo ndiye umakwaniritsa zosowazo. Umayenera kusunga chiyambi cha chiganizo uku ukudikira mathero ake, kutsekereza mawu a ena, ndiponso kutaya msanga liwu limene unaganiza poyamba ukazindikira kuti silikugwirizana ndi nkhani. Wofufuza wina, Jerker Rönnberg wa ku Linköping, m'dziko la Sweden, anafotokoza kuti mawu omveka akapanda kufanana ndi mawu osungidwa m'mutu, munthu amayamba kumva moganizira, ndipo zimenezi zimadya mphamvu. Ofufuza amayeza luso la ubongo lotsekereza zosafunikali ndi mayeso a Stroop a mu 1935, pamene munthu amauzidwa kutchula mtundu wa inki m'malo mowerenga liwu lolembedwalo. Kutopa kwa bambo n'kwenikweni ndithu.

Agogo a Chisomo: Ine ndakhala nacho chipangizochi zaka zisanu ndi chimodzi. Chimene chimandipweteka kwambiri ndi munthu wosintha nkhani mwadzidzidzi, chifukwa ndimakhala ndikadali kusonkhanitsa chiganizo chapitacho, ndipo ndikamamaliza kuchimvetsa anzanga aseka kale. Kukuwa sikundithandiza konse. Mwanawe, uziwatchulira bambo ako mutu wa nkhani poyamba, uzipuma pang'ono pakati pa ziganizo, uzizimitsa wailesi, ndipo uzikhala poti kuwala kugwere pankhope pako.

Mayi mphunzitsi: Ndikugwirizana ndi agogo, komabe tisafulumire kuika zonse pa ubongo. Chipangizochi chimafuna kuchunidwa kangapo, makamaka m'chaka choyamba, ndipo pali timaikolofoni tapadera timene wolankhula amavala pachifuwa kuti mawu ake apite molunjika ku chipangizocho. Muwatengere kuchipatala ndipo mukapemphe kuti akawayeze kumva m'phokoso, popeza kuyeza m'chipinda cha zii kokha sikungaonetse vuto limene mwaliona kunyumbali.

Mwana wachisamba: Zikomo kwambiri nonse. Agogo, za kutchula mutu wa nkhani sindinaziganizirepo, ndipo ndiwauza adzukulu lero lomwe kuti azilankhula mmodzimmodzi.