Ducati ya agogo idzalire pa tsiku la chiliza

Malume: Ana anga, njinga yamoto ya malemu agogo taitulutsa. Ndi Ducati Monza 250, ya silinda imodzi. Tikufuna idzalire pa chiliza mu Ogasiti. Koma wina asaponde kiki kaye.

Achimwene a ku Joni: Zoonadi malume. Injini imeneyi ilibe fyuluta ya oyilo, ili ndi kasefa kawaya basi. Litsiro limaunjikana m'kabowo ka mu crankshaft kotsekedwa ndi pulagi, ndipo zaka zonsezi lauma gwa. Mukailiza chonchi oyilo safika ku big end, polumikizana ndodo ya pisitoni ndi crankshaft, bering n'kupsa. Injini igawidwe pakati, kabowoko katsukidwe.

Alamu: Pomasulapo maso akhale pa mashimu, timawashala topyapyala tosinthira mpata wa magiya. Fabio Taglioni, injiniya wa Ducati amene anapanga injiniyi, sanaikemo tcheni choyendetsa camshaft, anaika shafti yoimirira ya magiya a bevel pansi ndi pamwamba. Shimu iliyonse imangidwe ndi kawaya ku giya yake, muijambulenso pa foni. Zikasokonekera magiya amalira, mano n'kudyeka.

Azakhali: Chabwino, nanga zogula? Tidziwe msanga poti tisonkhe.

Achemwali a ku Leeds: Ine ndigula magasiketi, mapointi, kondensa ndi zamkati mwa kabyuleta ya Dell'Orto. Malume munditumizire nambala ya injini, chifukwa injini zakale za kesi yopapatiza (narrow case) ndi za kesi yotambalala (wide case), zomwe zinayamba mu 1968, magasiketi ake ndi osiyana. Maring'i ndidikira. Silinda yake ndi 74 mm, koma ngati inaboledwapo a saizi imeneyo sagwira. Ayeze kaye.

Achimwene a ku Joni: Magetsi ake ndi 6 volts. Wina asaikepo batire la njinga za kabaza, lija ndi 12, mababu ndi koyilo zipsa. Batire ndibwera nalo ine.

Alamu: Thanki ikhale ndi viniga masiku awiri, muponyemo manati, mukhutchumule, mutsukuluze n'kuumitsa tsiku lomwelo. Mukaigoneka yonyowa dzimbiri libwerera. Oyilo ndi 20W50, pafupifupi malita 2, koma gulani malita 4 kuti woyambayo tidzamukhetse ikangoyenda pang'ono.

Azakhali: Matayala ndi machubu ndi anga. Ndalama ya makaniko tigawane nyumba zinayi, ifike kwa achimwene pofika pa 30 Meyi.

Malume: Zikomo achemwali. Ndipo wodzaikwera ayesere kaye pabwalo: giya ili mwendo wamanja, buleki ya kumbuyo kumanzere. Nambala ndituma mawa kukacha.