Kutsitsa wantchito woyenda pa chikuku moto ukabuka m'nyumba yosanja

Woyang'anira nyumba ya maofesi: Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Nyumba imene ndimayang'anira kuno ku Zomba ili ndi nsanjika zinayi, ndipo Lachitatu lapitali tinayeserera kutuluka ngati kuti kwabuka moto. Onse anafika pabwalo loimikapo magalimoto msanga, kupatulapo mayi mmodzi wa ku ofesi ya zachuma amene amayenda pa chikuku ndipo amagwira ntchito pa nsanjika yachitatu. Popeza tinaletsa kukwera chikepe, iwo anangokhala pamwamba pa masitepe, manja ali pa mateyala, anzawo akuwadutsa, mpaka anyamata awiri anabwerera n'kuwanyamula pamodzi ndi chikukucho. Atafika pokhota, chopondera mapazi chimene mmodzi anagwira chinazuka, moti onse atatu anangotsala pang'ono kugubuduka. Geti la masitepe akumbuyo nalo tinalipeza lokhoma ndi loko, kiyi ali m'thumba mwa mlonda amene anali atapita kumsika. Abwana akuti tingowasamutsira mayiwo pansi. Kodi anzanganu mumatani?

Mmisiri wa zamagetsi: Achimwene, za chikepe munachita bwino. Moto ukapsereza mawaya, chikepe chimaima pakati pa nsanjika, ndipo mpata umene chimayendamo umakoka utsi ngati chumuni. Onaninso ngati pa masitepe pali nyali zoyendera mabatire zimene zimayaka zokha magetsi akazima, chifukwa jenereta si yoidalira pa nthawi yotereyi.

Wozimitsa moto wopuma pa ntchito: Bambo, yambani ndi loko uja lero lomwe, nkhani ya chikuku isanathe n'komwe. Pa 31 Ogasiti 2023, moto umene unabuka m'nyumba yosanja ku Johannesburg unapha anthu 76, ndipo ena anapezeka atafera pa geti lokhoma. Ndikudziwa kuti mumaopa akuba, ndipo mantha amenewo ndi omveka, koma zilipo zotsekera zimene munthu wa m'kati amangokankha chitseko n'kutseguka, pamene wa kunja sangathe kulowa.

Za mayiwo, chimene chimapha anthu ambiri pa moto ndi utsi, osati malawi, choncho amafunika malo odikirira otetezedwa ku utsi pamene khamu likutsika. Malo amenewa amakhala pa chipanda cha masitepe, kuseri kwa chitseko chopirira moto, ndipo zitseko zambiri zoterezi zimapangidwa kuti zipirire mphindi 30 kapena 60. Koma chitsekocho chimagwira ntchito pokhapokha chikakhala chotseka. M'maofesi ambiri amene ndinayenderamo ndinkapeza atachitchinga ndi njerwa kuti mphepo izilowa nyengo yotentha, ndipo njerwa imodziyo imathetsa phindu lonse la chitseko chodula. Mayiwo musawasiyenso pamenepo okha n'kumati ozimitsa moto a khonsolo adzawatsitsa, pakuti galimoto imatha kukhala kuti yapita ku moto wina. Podikirirapo ndi popumira chabe kufikira masitepe atachepa anthu, kenako anthu anu omwe ndiwo aziwatsitsa.

Wa bungwe la anthu aulumali: Bambo woyang'anira nyumba, pepani ndifunse: kodi mayiwo mwawafunsa? Ndikuona kuti abwana apereka kale maganizo awo, ifenso tikupereka athu, koma mwini thupi sanamveke. Iwo ndiwo akudziwa ngati angathe kusamuka pa chikuku kupita pa mpando wina, malo amene angagwiridwe osavulala, ndiponso mbali za chikuku chawo zimene zimazuka. Akanafunsidwa, akanawachenjeza anyamata aja kuti chopondera mapazi ndi zotsamira mikono sizigwiridwa ponyamula.

Kuwasamutsira pansi kungathandize ngati iwo eni akufuna, koma sikuthetsa vuto. Kodi misonkhano simuchitira pamwamba? Nanga mlendo woyendera ndodo, mayi woyembekezera, kapena wantchito amene wathyoka mwendo sabata ino? Pa moto wa Grenfell Tower ku London pa 14 Juni 2017 panafa anthu 72, ndipo mwa anthu aulumali 37 amene ankakhala m'nyumbamo, 15 anafa, popeza panalibe dongosolo lowatulutsira. Kuno kwathu lamulo la anthu aulumali la 2024, limene linalowa m'malo mwa la 2012, limaletsa kusala munthu pa ntchito chifukwa cha ulumali, ndiye kuwachotsa pakati pa anzawo a ku ofesi popanda kugwirizana nawo kungakubweretsereni dandaulo lina. Musaiwalenso osamva, amene belu silingawathandize pokhapokha litakhala ndi nyali yothwanima, ndi osaona, amene amafunika munthu woti amugwire pa chigongono potsika, osati wowakoka dzanja.

Injiniya wa zomangamanga: Ndikugwirizana ndi mayi amene angolankhulawa. Chida choyenera ndi mpando wotsitsira anthu pa masitepe, umene uli ndi malamba a labala kunsi kwake, ndipo umatsetsereka pang'onopang'ono pa nsonga za masitepe munthu mmodzi wophunzitsidwa akuuwongolera kumbuyo. Musanagule, yezani kukula kwa pokhota, chifukwa m'nyumba zina zakale za kuno pokhota pamakhala popanikizika. Uzikhala pa nsanjika yachitatu pomwepo, osati m'sitolo yokhoma, ndipo muphunzitse anthu anayi kapena kupitirira, chifukwa tsiku la ngozi wina amakhala ali ku maliro, wina ali pa tchuthi. Poyamba ayeserere ndi thumba la chimanga la makilogalamu 50 asanakweze munthu.

Woyang'anira nyumba ya maofesi: Zikomo kwambiri nonse. Loko ndachotsa masana ano, ndipo njerwa ndazipeza pa zitseko ziwiri monga munanenera, Bambo ozimitsa moto. Mayiwo ndakhala nawo pansi, ndipo andiuza kuti amatha kusamukira pa mpando wina akagwiriziridwa kumanzere, kuti pansi sakufuna kusamukira, komanso atchula anzawo asanu amene angawakhulupirire. Apemphanso kuti wina azitsika ndi chikuku chawo, kuti akafika pabwalo asakhale pansi podikira. Mawa ndiyeza pokhota. A injiniya, ndikakutumizirani miyezoyo mundiuze ngati mpandowo ungakhote.