Galasi la kubafa: kumata ndi chiyani kuti lisachite mawanga?

Wa ku Matawale:
Akuluakulu ndigawireniko nzeru. Tikuika matailosi kubafa, ndipo pamwamba pa sinki ndikufuna galasi lodziyang'anira la masentimita 60 ndi 80 lilowe m'khoma, likhale mulingo umodzi ndi matailosi, osati lolendewera pamsomali. Womanga akuti tingomata ndi silikoni wamba. Kodi n'zoona zimenezi? Nanga pulasitala wa kumbuyoko timutani?

Wodula magalasi:
Silikoni wambayo musalole, achimwene. Uja wonunkha ngati viniga amatulutsa asidi akamauma, ndipo asidiyo amadya utoto ndi siliva wa kuseri kwa galasi. Ikapita miyezi mumangoona mawanga akuda akutulukira, osachotsekanso. Kuhadiweya funsani guluu wolembedwa mirror adhesive, akasowa tengani silikoni wa neutral cure, yemwe satulutsa asidi.

Pomata musapake paliponse ngati majarini pabuledi. Jambulani mizere yoimirira, yotalikirana masentimita 10, osafika m'mphepete. Guluuyu amauma ndi mpweya, ndiye mukazunguliza kapena kupaka ponse, wa pakati amakhala wamuwisi kwa masabata. Mizere yoimirira imalolanso kuti chinyontho chitsike.

Galasi la mamilimita 6 la saizi yanuyo limalemera makilogalamu 7 ndi pang'ono, ndiye silingadzigwire lokha tsiku loyamba. Ikani timapulasitiki tiwiri pansi pake, m'mbali mugwirize ndi tepi, mutsamiritse thabwa kwa maola 48. M'mphepete mudzatseke patapita masiku angapo.

Woika matailosi, Chinamwali:
Zoona zimenezo, koma ambiri amalakwa asanafike n'komwe pa guluu. Musadulitse galasi matailosi asanathe. Malizani kuika, kenako yezani mpata wotsalawo pamwamba, pakati ndi pansi, komanso mopingasa kuchokera kona ina kufika ina. Tengani muyezo wochepetsetsa, muchotsepo mamilimita 3 mbali iliyonse. Galasi lothinana ndi tailosi limang'aluka khoma likangosuntha pang'ono. Mpata umenewo mudzaze silikoni wa neutral yemweyo, grout (simenti yodzazira m'mipata ya matailosi) ayi, chifukwa amalimba gwa ndipo amasunga madzi. Uzaninso wodulayo asalaze m'mphepete.

Onaninso kuya kwake. Tailosi ya mamilimita 8 ndi simenti yake zimafika 11 kapena 12, pomwe galasi ndi guluu zimathera pa 9. Ndiye mpatawo mukweze ndi pulasitala wopyapyala, muyeze ndi levulo.

Tsono kuuma. Pulasitala wamuwisi amaononga kuseri kwa galasi chimodzimodzi silikoni uja. Kuno kunsi kwa phiri, nthawi ya dzinja kapena ya chiperoni mu June ndi July, khoma la njerwa limachedwa kuuma. Dikirani masabata anayi. Kenako matani pepala la pulasitiki pamalopo ndi tepi mbali zonse, ligone usiku. M'mawa mukapeza mame mkati, simunathe kudikira. Likauma pakani primer (mankhwala opaka koyamba kuti guluu agwire bwino), aume, ndiye mumate.

Pulambala:
Kwa ena amene matailosi anaika kale ndipo akufuna kumanga ndi masikuluu: fufuzani kaye komwe paipi yadutsa, chifukwa pamwamba pa sinki mpamene ena amatsitsira ya kugiza. Matani tepi pomwe mukubowola kuti biti isaterereke, zimitsani hamala pa dirilo, yendetsani pang'onopang'ono uku mukudonthezera madzi. Hamala muyatse mukangopyola tailosi. Biti ya mamilimita 6, pulagi ya 6, ndipo pulagiyo ilowe kupitirira tailosi, apo ayi ikamafufuma imaiswa. Musabowole pafupi ndi m'mphepete mwa tailosi.

Wa ku Matawale:
Zikomo nonse. Nanga galasi la mamilimita 4 lotchipirako silingachite?

Wodula magalasi:
Lingachite ngati pulasitala ali see. Koma lopyapyala limatsatira khoma: pakakhala kachulu kapena kadzenje, limapindika mukamalikanikiza, nkhope n'kumaoneka yokhota. Pa saizi yanuyo tengani la 5 kapena 6, ndipo pokanikiza gwiritsani chikhatho ndi nsalu, kuyambira pakati kupita m'mbali.