Ndege yophunzitsira imagwa bwanji mphunzitsi ali momwemo?

Akuluakulu odziwa za ndege, ndithandizeniko. Ndakhala ndikuwerenga za ngozi ya pa 30 Malichi 1967 ku New Orleans, ku America, pomwe ndege ya DC-8 ya kampani ya Delta inagwa ili pa ulendo wophunzitsa oyendetsa. Ankayeserera kutera ngati kuti mainjini awiri a mbali imodzi afa. Ndege inapendekeka n'kukagwera nyumba za anthu ndi motelo. Anafa anthu 19, ndipo 13 mwa iwo anali pansi, osadziwa kanthu.

Chikundizunguza mutu n'chakuti mphunzitsi anali pampando wa pambali pomwepo. Bwanji sanalande chiwongolero msanga? Kodi liwiro likatsika mphamvu ili mbali imodzi, ndege imapanduka mwachangu chotani? Nanga masiku ano zoyeserera zoopsazi amachitirabe m'mwamba, kapena zonse zinasamukira mu simulator, makina a pansi oyeserera kuyendetsa ndege?