Kebulo ya akiseleleta pa Corolla: ndaikoka kwambiri kapena pali vuto lina?

Bambo a Tadala, Kasungu boma

Akuluakulu, ndigawireniko nzeru. Ndili ndi Toyota Corolla AE110 ya injini ya 5A-FE, ya magiya a pamanja, ndipo ndi imene imadyetsa banja langa. Ndimanyamula anthu kuchoka pa boma kupita ku Mtunthama, nthawi zina mpaka ku Chamama. Kwa mwezi wathunthu pedulo ya moto (akiseleleta) inali ndi mpata waukulu. Ndimaponda, phazi n'kutsika ndithu injini isanayankhe. Ndikanyamula anthu, kumbuyo kuli matumba a mtedza, pa chitunda galimoto imangolira yopanda mphamvu ngakhale phazi lili pansi.

Lamulungu nditabwera kutchalitchi ndinatsegula boneti, n'kupeza kebulo yochokera ku pedulo ikulendewera pafupi ndi throttle body, polowera mphepo mu injini. Ndinamasula manati awiri omangira kebuloyo ndi sipanala ya 12, n'kukoka mpaka kebulo inawongoka, kenako n'kumanga. Mphamvu yabwerera. Koma tsopano injini ikatentha, popanda kuponda moto, singano yoonetsa kuzungulira kwa injini ikuima pa 1,400, pamene kale imakhala cha m'ma 750, ndipo mafuta akutha msanga. Chandiopsa n'chadzulo: pa msika wa Mtunthama ndinachotsa phazi pa moto, galimoto osabweza liwiro msanga, kutsogolo kukuwoloka mayi wobereka mwana. Ndinaponda bureki mtima uli m'mwamba. Ndibwezere bwanji kuti zikhale pakatimpakati?

Mkulu wa sipanala, Chinkhoma

Achimwene, galimotoyo musanyamulirenso anthu mpaka mutakonza. Kebuloyo mwaikoka mopitirira, ndiye kachitseko ka mphepo ka mkati mwa throttle body sikakutsekeka bwino. Kwa injini zili ngati mwapondako pang'ono nthawi zonse.

Chitani chonchi. Injini itenthe kaye, kenako muizimitse. Yang'anani kagudumu kamene kebulo imazungulirapo. Pakakhala kuti palibe woponda, kagudumuko kayenera kubwerera mpaka kugunda pa kabawuti kake koimikira, mumve kuti "ta". Masulani manati aja, bwezani kebulo pang'onopang'ono mpaka kagudumu kagunde, kenako onjezerani kampata kakang'ono, mamilimita awiri kapena atatu basi. Mukaidina ndi chala pakati izipindikako pang'ono kagudumu kasanasunthe. Kampata kameneka n'kofunika chifukwa injini imagwedezeka pa mipira yake, makamaka pa msewu wa mabampu, ndiye kebulo yothina imakoka yokha.

Mukatero, munthu wina alowe mkati aponde pedulo mpaka pansi, injini ili chizimire, inu mukuyang'ana. Kagudumu kafike kumapeto kwake, koma kebulo isachite kulimba ngati chingwe cha uta. Aponde n'kusiya kangapo. Nthawi iliyonse kabwerere msanga, kosakodwa. Pomanga, gwirani nati imodzi ndi sipanala ina, apo ayi zonse zisuntha.

Koma kabawuti koimikira kaja, kamene nthawi zambiri kamakhala ndi kadontho ka penti, musakakhudze. Anakaika ku fakitale. Anyamata ambiri amathamangira pamenepo pofuna kutsitsa singano, kenako galimoto imayamba kuzima pamphambano.

Funso langa ndi ili: mpata unakula chifukwa chiyani? Kebulo simangotalika mwezi umodzi popanda chifukwa. Kankhani kampira kali kumapeto kwa chikopa chake, muone ngati tiwaya tina sitinaduke. Muyang'anenso kumapeto kwina, pamwamba pa pedulo.

Mayi a Mphatso, Santhe

Bambo, ine si makaniko, koma ndinakumana nazo pa Corolla yanga popita ku Mchinji. Singano inkakwera yokha, tinavutika tsiku lonse. Pamapeto pake inali kapeti ya mpira yomwe ndinagula pa msika. Inasendera kutsogolo n'kupanikiza pedulo. Chotsani kaye kapetiyo muone, sizidya ndalama.

Kwa anzathu a otomatiki amene akuwerenga, samalani. Zakale zina zili ndi makebulo awiri pamalo amodzimodziwo, ina yochokera ku pedulo, ina yopita ku giyabokosi. Mlamu wanga anakoka yachiwiriyo, magiya anayamba kusintha mochedwa komanso mogunda.

Wa ovolosi yabuluu

Zimene anena akuluwo n'zoona, koma ine ndikuti fumbi lisaiwalike. Nthawi ya chilimwe msewu wa ku Chamama mukuudziwa. Fumbi likasakanikirana ndi nthunzi ya oyilo limapanga phala lakuda m'mphepete mwa kachitseko kaja, komanso mu valavu imene imalowetsa mphepo injini ikamalira payokha. Masulani paipi ya mphepo, mupukute ndi kansalu ndi mankhwala otsukira kabureta. Fyuluta ya mphepo muionenso.

Ndipo wina asakatsegule boneti ya galimoto yatsopano n'kumafuna kebulo. Zambiri za masiku ano zilibe. Pedulo imangotumiza uthenga wamagetsi ku kompyuta, ndipo kachitseko kamatsegulidwa ndi kamota.

Mkulu wa sipanala, Chinkhoma

Kutsuka n'kwabwino mwana wanga, koma taona ndondomeko yake. Singano inali pa 750 mpaka tsiku limene bambo a Tadala anagwira manati. Ayambe ndi chimene anasintha. Akachita zonse tsiku limodzi sadzadziwa chimene chinachiritsa.

Bambo a Tadala, Kasungu boma

Zikomo nonse. Lero sindinapite pa siteji. Kapeti ndinaichotsa, mayi a Mphatso, sinali vuto. Ndinabweza manati monga munanenera akulu, mwana wanga wamkulu akuponda mkati, ndipo singano inatsika kufika pa 800.

Koma funso lanu lija ndi limene landipulumutsa. Nditakankha kampira, ndinapeza tiwaya tinayi toduka, toimirira ngati ndevu, kamodzi kanandibaya chala mpaka magazi. Tikamalowa m'chikopa timakodwa, ndiye n'kutheka kuti n'chifukwa chakenso galimoto inachedwa kubweza liwiro pa msika paja. Ndikaganiza kuti kebuloyo ikanatha kukakamira moto uli wotsegula, anthu anayi ali m'galimoto, thupi likuchita tsemwe.

Mnzanga wina amati tithiremo oyilo iyendebe mpaka kumapeto kwa mwezi. Ndakana. Kebulo yatsopano ndaisowa m'mashopu awiri a pa boma, ndiye ndatuma mphwanga amene ali ku Lilongwe kuti andigulire, ndamutumizira chithunzi cha yakaleyo pa WhatsApp kuti asalakwitse kutalika ndi mitu yake. Ifika Lachinayi pa basi. Akulu a ku Chinkhoma, poika yatsopanoyo ndiyambe kukoleka ku pedulo kapena ku injini?

Mkulu wa sipanala, Chinkhoma

Yambani ku pedulo, muidutsitse mmene inadutsa yakaleyo, mosaipinda kwambiri komanso kutali ndi ekizozi. Jambulani kaye musanachotse yakaleyo. Pakatha sabata muyesenso kampata kaja, chifukwa yatsopano imakhazikika n'kumasukako pang'ono.